Amalume a Jailosi M'bokosi la Mboni

Mbedza, Zomba

Amayi anga,

Kodi mwadzuka bwanji kumene muliko? Ine ndadzuka, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwatsika m'phiri ndi ukali. Nkhungu ikumakhala pa Zomba mpaka dzuwa kufika pamutu, ndipo zovala zikumagona pachingwe osauma. Juzi yanu yobiriwira ija ndi imene ndavala pamene ndikulemba. Yayamba kubooka m'zigongono, koma musadandaule, ndisoka.

Ndiyambe ndi za pakhomo musanandifunse. Mng'ono wanga Mesi anachira bwino, mwana wamkazi. Tamutcha dzina lanu, ndipo pakamwa watengera inu ndithu: akayamba kulira sasiya mpaka aliyense m'nyumba atamvetsa mfundo yake. Chimanga tinakolola chochepa. Munda wa m'munsi mwa phiri uja tinalima mogwirizana ndi anyani, ife kubzala ndi kupalira, iwo kukolola. Nandolo yekha ndiye watitonthoza. Mtengo wa mapeyala umene munabzala kuseri kwa bafa wabereka mpaka nthambi kuthyoka, ndipo ana a m'dera lino akundithandiza kudya osapemphedwa.

Za imfa ya achimwene a Laisoni sindikuuzani, poti muli nawo komweko. Ndikhulupirira kuti atangofika munawakalipira chifukwa chobwera msanga, kusiya mkazi ndi ana atatu. Ngati munatero munachita bwino. Ine ndimawasowa tsiku lililonse, ndipo kamkwiyo komweko ndili nako. Koma zimene zinachitika titawaika m'manda mwina iwonso sakuzidziwa, choncho kalatayi muwerenge mokweza kuti amve nawo.

Maliro atangotha, tisanasese n'komwe, mlongo wanu, amalume a Jailosi, anafika ku Zakazaka, kunyumba kwa achimwene, ndi anyamata a mawilibala. Ananyamula bedi ndi matiresi ake, mipando ya pabalaza, njinga ndi wailesi. Anati sakulanda, akusunga. Alamu anga, mayi a Tadala, anangokhala pakhonde kuonerera ngati katundu wa eni ake. Kenako amalume analamula kuti likadzafika tsiku la nsudzulo, pamene akuchimuna timamasula mayi wamasiye, alamu adzatenge ana ndi ndowa yawo n'kubwerera kwawo ku Malosa, nyumbayo iwo adzaikemo anthu a lendi. Nyumba ija, Amayi, mukukumbukira kuti njerwa zake anaumba ndi alamu ndi manja awo, Tadala ali kumsana.

Inu mukanakhalapo nkhaniyi ikanatha tsiku lomwelo. Ndimakumbukira mmene munkawatontholetsera: "Jailosi, khala pansi. Ndinakubereka kumsana ine, unkandinyowetsa." Ndipo munthu wamkulu ndi ndevu zake ankakhaladi pansi. Koma ine sindinawaberekepo kumsana. Ndine mwana wa mlongo wawo, iwo ndi eni mbumba, ndipo nthawi iliyonse ndikati nditsegule pakamwa, chimene chinkatuluka ndi "zikomo amalume". Miyezi inapita choncho, alamu ndi ana akugona pamphasa m'nyumba yopanda kanthu, akudikira tsiku lowathamangitsa.

Tsopano mumve za kusukulu, poti nkhani ziwirizi zinadzakumana panjira. Chaka chatha kunabwera anthu a bungwe lina la m'tauni kudzaphunzitsa aphunzitsife za ufulu wachibadwidwe ndi malamulo. Anati ana asamangoloweza za m'buku, azichita khoti loyeserera: wina woweruza, wina loya, wina mboni, wina wozengedwa mlandu. Ndi sewero, koma lotsata ndondomeko yeniyeni ya kukhoti. Ahedi anayang'ana uku ndi uku, napeza kuti mphunzitsi wosadziwa kukana ndine. Ndiye mwana wanu Esinati, amene amanjenjemera akaona ngakhale wapolisi wa pamsewu, ndi mkulu wa kalabu ya zamalamulo.

Mlandu wathu woyamba unali wa wakuba nkhuku, ndipo sunayende bwino. Mnyamata amene tinamusankha kukhala wakubayo asanafike n'komwe kutsogolo, anzake anali atamuvula kale nsapato, wina atathamangira panja kukathyola ndodo. Zinanditengera teremu yathunthu kuwaphunzitsa kuti munthu ndi wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa, kuti ali ndi ufulu womvedwa, wokhala ndi loya, ngakhalenso wokhala chete. Atamvetsa, anamvetsa mopyola muyeso. Mdzukulu wanu Madalitso, yemwe ali Fomu 1, nditamufunsa amene anamaliza shuga m'kabati, anandiyankha kuti ali ndi ufulu wokhala chete kufikira loya wake atabwera. Ankanena zimenezi shuga ali mbuu pamilomo. Makolo ena anabwera kudzadandaula kwa ahedi kuti matipate alowa mpaka m'khitchini. Inu amene munavotera nyali mukuvina, mlandu umenewu ukukukhudzaninso.

Teremu ino ahedi anati tichite khoti pamaso pa makolo, tsiku Loweruka, muholo. Ndinauza ana kuti asankhe okha mlandu. Ine mumtima ndinkafuna wa mbuzi yodya chimanga cha mwini, mlandu wopanda matenda. Koma mtsikana wina anati tizenge mlandu wolanda katundu wa amasiye, ndipo nditafunsa amene akugwirizana nazo, manja anakwera pafupifupi kalasi yonse. Zinandiwawa kuona kuchuluka kwa manjawo, chifukwa ambiri mwa anawo nkhaniyi sanaiwerenge m'buku. Dzanja loyamba kukwera linali la Tadala, mwana woyamba wa achimwene, yemwe tsopano ali Fomu 3 ndipo watalika kundiposa. Anzake anamusankha kukhala loya woimira boma.

Ndinagwidwa ndi mantha. Ndinakhala pansi n'kuikonza nkhaniyo kuti isafanane ndi yathu ngakhale pang'ono. Womwalirayo ndinamusandutsa msodzi wa ku Chilwa. Katundu wolandidwa anakhala bwato, maukonde ndi mapoto. Wolandayo anakhala mng'ono wa malemu, dzina lake bambo Chikwanje. Munalibe malume, munalibe bedi, munalibe wailesi. Ndinadziyamikira ndekha kuti ndine wochenjera.

Bokosi loimamo mboni tinalibe, choncho tsiku lina tinakwera phiri ndi ana a kalabu kukapempha zigwagwa za paini kwa anthu ocheka matabwa. Titafika pamwamba ana anati tiyesererepo pomwepo, pakapinga, poti kulibe belu lowasokoneza. Amayi ena otsika ndi mitolo ya nkhuni anatula kuti apume, n'kuyamba kumvetsera. Posakhalitsa mmodzi anandikoka pambali kundifunsa ngati khotili lingamve za mwamuna wake amene anagulitsa mbuzi osamuuza. Mnyamata wogulitsa masitiroberi anafunsa ngati wapolisi ali ndi mphamvu yodya katundu amene wagwira. Ndinayankha zimene ndikudziwa, zimene sindidziwa ndinawalozera kwa odziwa. Potsika, Tadala anayenda pambali panga atasenza thabwa.

"Azakhali, lamulo limene tikuphunzirali limagwiranso ntchito ku Zakazaka?" anandifunsa.

Ndinamuuza kuti ayang'ane pansi, njira ndi yoterera.

Kenako ahedi anandiitana ku ofesi akumwetulira. Anati apeza mlendo wolemekezeka woyenera mwambo wathu, munthu amene anagwira ntchito kukhoti zaka zambiri. Amayi, mwadziwa kale. Mlongo wanu anali mesenjala wa khoti nthawi ya chipani chimodzi, ndipo mpaka lero akamafotokoza mumaganiza kuti milandu yonse ya m'Zomba ankagamula ndi iwo, majisitileti akungowanyamulira chipewa. Inu munkati Jailosi anasesa khoti mpaka fumbi la malamulo linamulowa m'mutu.

Amalume anabwera kutatsala masiku ochepa kudzaphunzitsa ana kaimidwe ka m'khoti. Pamenepo pokha ndiwayamikire, ntchito amaidziwa. Anawaonetsa kuimirira woweruza akamalowa, kumuweramira polankhula, ndi kagwiridwe ka Baibulo polumbira. Anawauza kuti woweruza akalamula, ngakhale ukhale nduna, umamvera.

"Mpando uwo," anatero akuloza mpando wa ahedi umene tinabwereka, "aliyense wokhalapo ndi boma, kaya ali ndi ndevu kaya alibe."

Za mlandu womwewo sanafunse. Anachoka atamaliza mabanzi onse a kalabu.

Loweruka lija holo inadzaza. Woweruza anali Asiyatu, mwana wa bambo wina wogulitsa nsalu mumsika, kamtsikana kakafupi koti kakakhala pampando wa ahedi miyendo siifika pansi. Tinamuveka mkanjo wa kwaya, ndipo pamwamba pa mpango wake tinaika chikolopa chatsopano cha ulusi woyera m'malo mwa tsitsi la oweruza lija. Chogogodera patebulo chinali kamunsi kosinjira tsabola. Amalume anakhala patebulo la alendo atavala jekete lawo la khaki la kuntchito, mabatani atapukutidwa. Akazi awo, a Dorofe, anakhala pakati pa amayi a kumpingo kwawo. Alamu anakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko.

Poyamba zonse zinayenda monga tinakonzekera. Mtsikana amene anali mayi wamasiye analira bwino kwambiri atabereka pilo kumsana, mpaka amayi ena muholo anayamba kulira zenizeni, wina n'kufunsa mnzake kuti malirowo anachitika liti. Tadala anaitana mboni zake, nafotokoza zimene lamulo likunena: kuti munthu akamwalira, oyamba kuganiziridwa pa chuma chake ndi mkazi ndi ana, kuti ziwiya za m'nyumba sizichoka, ndiponso kuti kuwalanda ndi mlandu woti munthu atha kumangidwa nawo. Ine ndinkangobera kuyang'ana amalume. Ankagwedeza mutu, kusangalala ndi kaweramidwe ka ana amene anawaphunzitsa.

Vuto linayamba ndi loya wa bambo Chikwanje. Pokonzekera mnyamatayo ankalankhula ngati mlaliki wa m'basi, koma ataona khamulo mawu anamuthawa. Anaimirira, anawerama, anati "Olemekezeka", anaweramanso, n'kukhala pansi. Bambo Chikwanje anatsala okha m'bokosi, ndevu zawo za makala zikusungunuka ndi thukuta. Tadala atawafunsa chifukwa chimene anatengera bwato, anangoti, "Ndimasunga." Atafunsidwa kuti amasungira ndani, anayang'ana kudenga.

Amalume anayamba kutekeseka pampando. Mukudziwa inu kuti kwathu kuno nkhani ikamakambidwa pabwalo, munthu wamkulu sangaonerere mnzake akumira pamene iye yankho ali nalo m'kamwa. Ndinawaona akumasula batani, akulimanganso. Kenako anaimirira, nawerama ndi ulemu wonse.

"Olemekezeka, pepani, mnyamatayu akulephera kuyankha zinthu zosavuta. Katundu wa mwana wa mlongo wako sulanda ayi, umasunga kuti asamwazike. Mkazi mawa akwatiwa, katundu n'kupita kwa mwamuna wina. Ndipo wailesiyo musaiwerengere, inali yakufa kale, ndinakakonzetsa ndekha."

Asiyatu anayang'ana pamapepala ake, anatembenuza tsamba, n'kukonza chikolopa chimene chinali chitatsetserekera kukhutu.

"Bambo, mumlandu uno muli bwato, maukonde ndi mapoto. Wailesi yake iti?"

Ahedi anandiyang'ana kuti ndiimitse zinthu, poti mkulu wa kalabu ndine. Amayi, ine nthawi imeneyo ndinapeza kuti denga la holo yathu lili ndi malo ambiri odontha ofunika kuwaonetsetsa.

"Khoti likuona kuti muli ndi umboni," anatero Asiyatu. "M'khoti munthu salankhulira pampando. Lowani m'bokosi." Ndipo anagogoda kamunsi kaja patebulo.

Ndikhulupirira kuti mutu wa amalume unkafuna kukana, koma miyendo yawo inagwira ntchito kukhoti zaka zambiri. Itamva kugogodako inangoti njo, n'kuwatengera yokha m'bokosi. Bambo Chikwanje anawapatsa malo mosangalala. Mnyamata amene anali mesenjala anabwera ndi Baibulo ataligwira mozondoka, amalume n'kumukonza, kenako n'kulumbira ndi mawu amphamvu kuti anena zoona zokhazokha. Mkulu wa mpingo ameneyo, pamaso pa amayi a kumpingo kwake.

Tadala anaimirira mapepala ali m'manja. Ndinaona kuti mwanayo zimenezi sanazikonzekere, ndipo ankaopa ngati ine ndemwe.

"Agogo..." anayamba.

"M'khoti muno mulibe agogo," anatero Asiyatu. "Muli mboni."

Tadala anayambiranso. "Mwati mumasunga katundu. Mukusungira ndani?"

"Ana a malemu," anayankha amalume.

"Anawo pakali pano akugona pa chiyani?"

Amalume anakonza kolala ya jekete. "Pamphasa, Olemekezeka. Mphasa imawongola msana."

"Nanga pabedi limene mukuwasungiralo pakugona ndani?"

Asanayankhe, mawu anachokera pakati pa amayi a kumpingo: "Iwowo ndi ine." Anali a Dorofe, ndipo ananena mofatsa ngati akuyankha moni. Holo yonse inafa ndi phwete. Asiyatu anagogoda mpaka chikolopa kugwa, mesenjala n'kuchitola, kuchikutumula, kumuvekanso.

Phokoso litatha, Tadala anali atasiya mapepala patebulo, ndipo mawu ake anali atatsika.

"Tsiku lina inunso mudzatisiya. Malinga ndi mwambo mwafotokozawu, katundu wanu ndi nyumba yanu adzasunga ndani?"

"Ana a mlongo wanga," anatero amalume msangamsanga, kunyadira kuti funso ili lokha akulidziwa.

Amayi, ana a mlongo wawo otsala ndi ine ndi Mesi. Mitu yonse inatembenukira kwa ine. A Dorofe anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akundiona kale ndikutuluka nditasenza kabati yawo ya magalasi.

"Ndiye azakhali a Esinati akadzasunga nyumbayo," anapitiriza Tadala, "agogo aakazi adzapita kuti?"

A Dorofe anaimirira, nawerama bwino kuposa ana onse aja.

"Olemekezeka, funso limeneli ayankhe pang'onopang'ono, ndimve bwino. Ine kwathu ndi kutsidya kwa malire, ndipo ondidziwa kumeneko anatha kalekale."

Panalibenso woseka. Amalume anayang'ana akazi awo, anayang'ana Baibulo, anayang'ana kuchitseko kumene alamu anakhala atagwira tsaya. Kenako anakumbukira zimene anamva ana akunena kumayambiriro.

"Ndasankha kukhala chete, Olemekezeka."

"Ife tinaphunzira kuti ufulu umenewo ndi wa wozengedwa mlandu," anatero Asiyatu. "Kodi mboni ikufuna tiisinthire malo?"

Mboni sinafune. Tadala anati alibenso mafunso, n'kukhala pansi. Asiyatu anagamula mlandu wa bambo Chikwanje okha, monga tinakonzera: abweze bwato, maukonde ndi mapoto, apepese, ndipo akadzabwereza adzalowa kundende. Za wailesi sanatchule. Amalume anatuluka m'bokosi, anaweramira chikolopa chija, n'kudutsa pakhomo osadikira tiyi ndi mabanzi. Chibadwire changa ndinali ndisanaonepo mlongo wanu akusiya mabanzi.

Anthu ankaseka potuluka, koma ife a pabanja sitinaseke. Tadala ndinamupeza kuseri kwa kalasi akulira, akuti wanyoza agogo ake pagulu ndipo tsopano awathamangitsa tsiku la nsudzulo lisanafike. Alamu anati bola mwanayo akanangokhala chete, mwina amalume akanawasiyirako mapoto. Ine ndinamva manyazi, Amayi, kuti mawu oyenera kutuluka pakamwa pa ine wamkulu anatuluka pakamwa pa mwana wamasiye.

Sabata yonse amalume sanaoneke, ngakhale kutchalitchi, ndipo tsiku la nsudzulo linali litayandikira. Masana ena nditaweruka ndinalimba mtima n'kupita kwawo. Ndinawapeza pakhonde atakhala pa umodzi mwa mipando ya achimwene. Ndinagwada, ndinapereka moni, n'kunena zimene mphunzitsi woona mtima ayenera kunena: kuti lija linali sewero, chigamulo cha Asiyatu chilibe mphamvu, ndipo palibe wapolisi amene abwere. Kenako, ndisanadzigwire, ndinawonjezera kuti koma lamulo limene ana ananena ndi lenileni, ndipo alamu akafuna kupita kukhoti lenileni ine ndidzawaperekeza n'kukakhala mboni yawo. Nditamaliza ndinadabwa kuti ndidakali moyo.

"Esinati," anatero amalume, "ukuganiza kuti ine sindidziwa chikolopa? Ndinakolopa nacho khoti lonse iwe usanabadwe. Tsitsi lija linali labodza, ndevu za mnyamata uja zinali zabodza. Koma Baibulo lija linali lenileni, ndipo funso lija landitsatira mpaka m'nyumba muno. Tasuzumira pabalazapo."

Ndinasuzumira. Pakona panali mphasa yoyala, pambali pake ndowa, m'ndowamo muli zitenje zopinda, mbale imodzi ndi kapu imodzi. A Dorofe anatulukira kukhitchini akupukuta manja.

"Ndikuyeserera umasiye, mwana wanga," anatero. "Inu kusukulu mumayeserera khoti kuti tsiku lenileni lisadzakudzidzimutseni. Inenso chichokere kuholo kuja ndikugona apa, kuzoloweza msana. Chakudya ndikuphika cha munthu mmodzi, poti wamasiye alibe mwamuna womuphikira. Ukadzabwera kudzasunga katundu, kabatiyo udzainyamule bwino, galasi lake ndi logwedera."

Ndinayang'ananso amalume, ndipo ndinaona kuti aonda ndithu. Anandiuza chapansipansi kuti akukhalira chinangwa chootcha cha kumsika, ndiponso kuti a Dorofe akamadutsa pafupi nawo akumang'ung'udza nyimbo za pamaliro. Sanandilonjeze kanthu. Ndinabwerera kunyumba osadziwa ngati ndakonza kapena ndawononga.

Tsiku la nsudzulo tinasonkhana ku Zakazaka m'mawa. Abale a alamu anabwera kuchokera ku Malosa ndi kagalimoto kotsegula kumbuyo, okonzeka kunyamula mwana wawo ndi adzukulu. Alamu anali atamanga kale zovala m'zitenje, ana atakhala pamitoloyo. Amalume anachedwa, ndipo mtima wanga unali m'mwamba.

Kenako tinamva kulira kwa mawilibala panjira ya miyala ija. Kutsogolo kunali bedi, miyendo ili m'mwamba, kenako matiresi, mipando ndi njinga. Pambuyo pake amalume, atavala jekete la khaki, wailesi ili m'khwapa. Pambuyo pa amalume a Dorofe, akuyenda ngati wapolisi woperekeza mkaidi.

Mwambo utachitika anaimirira kulankhula, ndipo analankhula nthawi yaitali monga mukuwadziwira. Anati iwo, monga munthu wodziwa malamulo, akhala akuda nkhawa ndi mchitidwe wolanda katundu wa amasiye umene wafala pakati pa anthu osazindikira. Anati katundu anamusunga bwino, aliyense aone, njinga ili ndi mpweya ndipo wailesi ikulira. Anati alamu amasulidwa, ndi mfulu, koma nyumbayi ndi yawo ndi ana awo, ndipo aliyense wofuna kuigwedeza adzaonana ndi iwo kukhoti. Palibe amene anaseka, ngakhale a Dorofe anabisa nkhope m'chitenje nthawi yaitali ndithu. Alamu anagwada kuti athokoze, n'kuyamba kulira. Kagalimoto ka ku Malosa kanabwerera ndi anthu amene kanabwera nawo.

Tadala anapita kukagwada pamaso pa agogo ake kuti apepese.

"Mafunso unafunsa bwino," anatero amalume, "koma pa funso lomaliza unaiwala kuwerama. Udzabwere kunyumba ndidzakuphunzitse."

Atatero anatulutsa mpango n'kupukuta m'maso, akudandaula za fumbi la ku Zakazaka.

Ndamva kuti a Dorofe abwerera kuchipinda ndipo ayambanso kuphika cha anthu awiri. Koma poti bedi linapita kwa eni ake, ndipo lawo lakale anali atapereka kale kwa wina, onse awiri ali pamphasa, akuwongola msana. A Dorofe tsopano akufuna amalume alembe wilo. Amalume akuti kulemba wilo n'kuitana imfa. Mlandu umenewo ukadali m'khoti la m'nyumba mwawo, koma ine woweruza wake ndamuona, ndipo ndikudziwa kumene uthere.

Amayi, muwauze achimwene kuti tsiku lija ndinatsalira anthu onse atabalalika. Ine ndi alamu tinamasula mitolo ija umodziumodzi, n'kubwezera chovala chilichonse pamalo pake. Bedi tinalilowetsa kuchipinda, miyendo yake n'kukhala m'timaenje tomwe tija inasiya pansi. Muwauze kuti ana awo akugona m'nyumba ya bambo awo, ndipo palibe amene akupita kulikonse. Ndikukulonjezani nonse awiri kuti ine ndili moyo m'nyumba muja simudzatulukanso ngakhale supuni, ndipo wodzayesa adzayamba kumva mawu anga, osati a mwana.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Esinati